Dzina la a Mbewe mu Kanyuzi ka Alangizi

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza kudzera mwa amayi anga, ngakhale iwo mpaka lero kompyuta amaiona ngati wailesi ya kanema yopanda mafilimu. Nditamaliza maphunziro a zamakompyuta ku Chipata ndinabwerera kwathu ku Katete, n'kukakhala pa kashopu ka msuweni wanga pafupi ndi msika. Kumeneko ndinkataipira anthu makalata ofunsira ntchito pamene ine mwini ndinalibe. Amayi anadandaula za ine ku Chigwirizano cha amayi a mpingo, ndipo mmodzi mwa azimayi amene anamva dandaulolo anali mkazi wa a Sakala.

A Sakala anali mlangizi wa zaulimi wopuma pa ntchito, komanso mlembi wa bungwe la alangizi a zaulimi ndi ziweto a m'maboma a Katete, Sinda ndi Vubwi. Anafika pa kashopu paja ndi njinga yawo yakapalasa, n'kundiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi ngati akugula mbuzi.

"Ndiwe Naphiri wamakompyuta uja? Amayi ako akuti umadziwa kulowetsa mapepala m'makina."

Ndinavomera.

"Kulowetsa kokha ayi," anatero. "Ife tikufuna kuti zikalowa zizitulukanso."

Bungweli linali ndi kalata yake ya nkhani imene linayamba kusindikiza ine ndisanabadwe, Sinda ndi Vubwi asanakhale maboma paokha. Dzina lake lenileni linali lalitali, ndiye aliyense ankangoti Kanyuzi. Alangizi ankalembamo zimene aona m'minda ndi m'makola: kaufiti m'chimanga, khate la mtedza, mbozi za thonje, anankafumbwe m'nkhokwe, nkhupakupa pa ng'ombe. Alangizi achinyamata tsopano ankafunsana mafunso omwewo pa gulu lawo la pa foni, mayankho ali phee m'makatoni. Wapampando watsopano, Mayi Daka, ankafuna kuti mlangizi ali kumudzi azitha kulemba liwu limodzi pa foni, nkhani zonse zokhudza liwulo n'kutuluka. Ntchito yanga inali imeneyo.

Ofesi ya bungwe inali kachipinda kuseri kwa shopu yogulitsa mbewu ndi mankhwala a m'munda. Munali tebulo, mipando iwiri ndi makatoni a sopo odzaza ndi Kanyuzi mpaka pafupi ndi denga. Makatoni apansi chiswe chinali chitayamba kale kuwawerenga. Anandipatsa laputopu ya bungwe ndi sikana ya galasi yojambula tsamba limodzilimodzi, n'kundisiya ndi fungo la feteleza.

Ndondomeko yake inali yosavuta kuimva koma yotopetsa kuichita. Ndinkayamba ndi kuzula mapini ndi kampeni, chifukwa ambiri anali atachita dzimbiri, ndipo ukawakoka ndi chozulira amang'amba ngodya ya pepala. Kenako ndinkasesa tsamba lililonse ndi burashi yofewa yopentera, kuchotsa dothi la chiswe ndi zitosi za mphemvu, kuti zisakande galasi. Sikana ndinaiika pa madontho 300 pa inchi, pa mtundu wotuwa. Ukasankha wakuda ndi woyera chabe, zilembo zozilala zimasowa, ndipo makope akale onse anali a inki ya sitensulo imene imazilala ndi zaka. Fayilo iliyonse ndinkaipatsa dzina loyamba ndi chaka, kenako mwezi, kenako tsamba, kuti zizidzindandalika zokha. Ndikaweruka ndinkakopera zonse pa diski yapadera n'kupita nayo kunyumba, poopa kuti denga la ofesi lingadonthe.

Zithunzi zikakonzeka zinkadutsa m'pulogalamu ya OCR, imene imayang'ana chithunzi cha tsamba n'kusandutsa zilembo kukhala mawu oti kompyuta ingathe kuwasaka. Pa makope atsopano inkachita bwino. Pa makope a taipulaita inkavutika, chifukwa inki inali itadzaza m'mimba mwa zilembo zina, ndiye inkatulutsa mawu oti ngakhale woledzera sanganene. Amenewo ndinkawakonza pamanja, tsamba lenileni lili pambali. Magetsi akazima ndinkasiya sikana n'kumakonza mawu mpaka batire la laputopu litatha. Likatha ndinkabwerera ku mapini. Akuti kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ine nkhonoyo ndinaiyang'ana miyezi ingapo.

Chomaliza chinali indekisi. Pulogalamu yosakira imadzipangira kaundula wa liwu lililonse ndi masamba amene likupezekamo, kuti munthu akafunsa isachite kuwerenga makatoni onse. Ndinaitsegulira kuti izipeza ngakhale chidutswa cha liwu, kuti wolemba "bzala" apezenso "anabzala" ndi "kubzala". Ilinso ndi njira yake yosankhira tsamba loti likhale pamwamba. Liwu likakhala pa mutu wa nkhani, kapena likabwerezedwa kawirikawiri m'tsamba limodzi, tsambalo limatsogola. Izi n'zanzeru. Munthu wofuna za kaufiti amafuna nkhani imene mutu wake ndi kaufiti, osati imene yangomutchula modutsa.

Nkhani iliyonse ndinkaidzazira tizigawo tinayi: chaka, mwezi, mutu ndi wolemba. Ka wolemba ndi kamene kanandisowetsa mtendere. Pansi pa nkhani panalibe dzina la munthu. Pankangolembedwa kuti "Mlangizi wa ku Sinda", "Mlangizi wa ku Mkaika", "Mlangizi wa ku Vubwi". Chifukwa chake ndinawafunsa a Sakala, amene ankabwera Lolemba lililonse kudzaona ngati sindinaotche chilichonse.

"Munthu sadziombera m'manja yekha," anayankha. "Nzeru ya m'munda si ya munthu mmodzi. Komanso ife timadziwana."

"Nanga si amati fumbi ndiwe mwini?"

"Amenewo ndi andale. Iwe lemba zimene ukuona."

Ndinalemba zimene ndinkaona. Mayina athunthu a anthu ankapezeka pa tsamba lomaliza lokha, limene mutu wake unali "Za M'bungwe". Mmenemo munkalengezedwa maliro a mamembala ndi zigamulo za komiti. Kunena mwachidule, dzina la mlangizi linkalowa lonse mu Kanyuzi akamwalira kapena akalakwa. Masamba amenewo ndinawajambula ngati ena onse, osawawerenga kwenikweni. OCR inkawakonda, chifukwa mayina ankatayipidwa ndi zilembo zazikulu zoonekera bwino, ndiye panalibe chokonza.

Nkhani zimene ndinkaziwerenga mpaka kuiwala ntchito zinali za Mlangizi wa ku Vubwi. Ankalemba za ng'ombe: kasungunulidwe ka mankhwala a m'dibi, nthawi yoviika ng'ombe mvula ikayamba, ndi kuopsa kosakaniza ng'ombe zogula kutsidya kwa malire ndi za m'khola zisanaonedwe. Chichewa chake chinali chofatsa, chopanda mawu otayika. Ine amene ng'ombe ndimaidziwira m'mbale ndinatsala pang'ono kufuna khola.

"Amenewo ndi a Mbewe," anandiuza a Sakala. "Alipo, ndi mkulu wa mpingo kwawo. Chaka chino tikuwapatsa umembala wa moyo wonse."

Komiti inagwirizana kuti ulemu wa a Mbewe ndi kutsegulira kwa makina osakira zichitike tsiku limodzi, pa msonkhano waukulu wa pachaka. Msonkhanowu unkachitika anthu akakolola, mwambo wa Kulamba usanadzaze malo ogona a ku Katete. Masiku otsala ndinawathera poyesa makinawo. Ndinasaka mayina a matenda, a tizilombo, a mbewu ndi a midzi, ndipo zonse zinkatuluka monga ndinafunira. Mayina a anthu sanali pa zimene bungwe linandituma, ndiye pa mayeso anga sanalipo.

Tsikulo tinabwereka holo ya tchalitchi. Tinapachika nsalu yoyera pakhoma, kubwereka pulojekita kusukulu, n'kuika jenereta kuseri poti magetsi anali atazima kuyambira m'mawa. Alangizi anadzaza holo, achinyamata ali ambiri kuposa akuluakulu. A Mbewe anakhala kutsogolo, munthu wamtali woonda, atavala suti yabulawuni, chipewa chili pa bondo. Anali atanyamuka ku Vubwi dzulo lake kudzera ku Chipata, n'kugona kwa a Sakala.

Mayi Daka anatsegula msonkhano, kenako anandipatsa mpata. Ndinalemba "kaufiti", ndipo nkhani zinatsika pansalu paja kuyambira zakale mpaka za chaka chatha. Wina anapempha khate la mtedza, wina anankafumbwe. Mtsikana wina wa ku Sinda anapempha dzina la mudzi wawo, ndipo litatuluka anzake anamuombera m'manja ngati mudziwo waumanga yekha. Achinyamata anali atakweza mafoni, akujambula chilichonse chotuluka pansalu. Ndinasangalala kwambiri. Jenereta inayamba kutsokomola, ndipo a Sakala anatuluka kukaiona.

"Manje tisache dzina la mlendo wathu wolemekezeka," anatero Mayi Daka. "Ana awa aone chabe nchito imene a Mbewe anagwira. Naphiri, lembani Gidiyoni Mbewe."

Ndinalemba n'kukanikiza. Panatuluka tsamba limodzi lokha. Mutu wake unali wa zilembo zazikulu: A GIDIYONI MBEWE AIMITSIDWA. Pansi pake pulogalamu inaonetsa mizere yoyamba, dzinalo italipaka chikasu paliponse pamene linali. Mizereyo inkati ng'ombe za anthu zafa m'mudzi wina ku Vubwi zitatuluka m'dibi, ndipo komiti yapeza kuti a Mbewe anachulutsa mankhwala, choncho aimitsidwa pa umembala.

Ndinatseka msanga, koma anthu ophunzira amawerenga msanga kuposa dzanja. Mafoni anali atajambula kale. Anthu anayamba kuyang'anana. Mayi Daka analowa m'bungwe nkhaniyi itapita kale, ndiye anali asanaimvepo. Anandiyang'ana ngati ndine ndailemba. A Mbewe sanasunthe. Anangotembenuza chipewa pa bondo paja. A Sakala analowa akupukuta manja, n'kufunsa amene anali pakhomo kuti kwagwanji. Atawanong'oneza, anaima pomwepo.

Mayi Daka analengeza kuti tipume pang'ono. Tinalowa anthu anayi m'kachipinda ka akulu a mpingo: iwo, a Sakala, a Mbewe ndi ine ndi laputopu yanga. Ine ndinakhala pafupi ndi chitseko, poti panalibe amene anandiuza kuti ndituluke.

A Sakala ndi amene anafotokoza. Ng'ombe zinafadi. Eni ake anakwiya, ndipo komiti inathamanga kuweruza kuti dzina la bungwe lisaipe. Chigamulocho chinasindikizidwa mwezi womwewo, ndipo amene anachitaipa anali iwo a Sakala, ali mnyamata. Patapita nthawi dokotala wa ziweto anayeza ng'ombe zotsala n'kupeza kuti anali matenda a chigodola, amene anabwera ndi ng'ombe zogula kutsidya. Dibi linalibe vuto. Komiti yonse inakwera lole kupita ku Vubwi ndi mbuzi. Anakhala pa mkeka pakhomo pa a Mbewe, napepesa pamaso pa akazi awo ndi akulu a mpingo. Mbuzi inaphedwa, anadyera pamodzi, n'kupangana kuti nkhaniyo yakwiriridwa.

"Nanga munalekeranji kulemba mu Kanyuzi?" anafunsa Mayi Daka. "Munalemba kuti alakwa, koma kuti sanalakwe munakhala chabe chete?"

"Mayi, mlandu ukatha sautchulanso," anatero a Sakala. "Munthu wadya naye mbuzi, uyambenso kulemba za ng'ombe zakufa? Kumeneko n'kudzutsa mlandu. Ndiye mwambo wathu. Ndipo a Mbewe eni ake anavomera."

"Ndinavomeradi," anatero a Mbewe. Kanali koyamba kumva mawu awo, ndipo ankalankhula monga ankalembera. "Ndinkati pepala ndi pepala, chiswe chidzatithandiza."

Mayi Daka anandifunsa chimene makina angachite. Ndinawauza kuti njira zilipo ziwiri. Nditha kuchotsa tsambalo mu indekisi, chithunzi chake n'kutsala m'diski, ndipo palibe amene angalipezenso posaka. Kapena nditha kulimatika ndemanga imene izituluka pamwamba pake nthawi zonse. Ndinawonjezera kuti zithunzi za m'mafoni a anthu ine ndilibe batani lozichotsera.

"Chotsa," anatero a Sakala. "Chotsa lero lomwe."

"Tikachotsa manje adzati tabisa," anatero Mayi Daka. "Aona kale onse."

Anakangana kanthawi ndithu, wina akuti mwambo, wina akuti chilungamo. Kunja kunkamveka anthu akuyankhula motsitsa mawu. Kenako a Mbewe anaika chipewa pa tebulo.

"Musachotse. Madzi akatayika saoleka. A Sakala, a komiti ija mwatsala nokha. Zimene munanena pa mkeka kwathu mukazinene uko, ana aja amve. Mwanayu azilemba."

A Sakala anayang'ana pansi. Zimene ankapemphedwa zinali zoti aswe pangano limene analisunga moyo wawo wonse wa ntchito, ndiponso adzionetse pamaso pa ana kuti iwo ndi amene anataipa bodza. Ndinawamvera chisoni, ngakhale kuti a Mbewe ndinawamvera kwambiri.

"Ndikanena," anatero pomaliza.

Tinabwerera m'holo. Ndinatsegulanso tsamba lija pansalu, poti panalibe chifukwa cholibisira, n'kutsegula kabokosi ka ndemanga pambali pake. A Sakala anaimirira kutsogolo, manja kumbuyo, n'kufotokoza zonse kuyambira pa dibi mpaka pa mbuzi. Ine ndinkataipa iwo akulankhula, mawu n'kumaoneka pakhoma. Sanadziikire kumbuyo. Anati komiti inaweruza dokotala asanafike, ndipo munthu wosalakwa anakhala kunja kwa bungwe anzake akumulambalala pa msika. Atamaliza anatembenukira kwa a Mbewe n'kupepesanso, ataweramitsa mutu. Ndinasunga ndemangayo, kuiika kuti izitsogola, n'kuyendetsanso indekisi. Nditasakanso dzina lija, pamwamba panatuluka mawu a a Sakala, chigamulo chakale chili pansi pake.

Kumbali ya makina, vuto linathera pamenepo. Mayi Daka anapereka setifiketi ya umembala wa moyo wonse, a Mbewe anailandira ndi manja awiri, anthu n'kuomba m'manja. Akuluakulu anaomba mwamphamvu. Achinyamata ena ankaomba ndi dzanja limodzi pa ntchafu, lina lili pa foni.

Pa nthawi ya chakudya ndinapita kukasamba m'manja pa mgolo wa madzi. Anyamata awiri ovala majekete a ntchito anali patsogolo panga.

"A Dibi aja akhala kuti?" anafunsa wina. "Nifuna nijambule nawo."

Mnzakeyo anaseka. Sankanena mwa nkhanza. Anali atamva zonse zimene a Sakala ananena, ndipo ndikhulupirira kuti anazivomereza. Koma dzina linali litabadwa kale, ndipo kwathu kuno dzina lotere silifunsa ngati unalakwa. Nditayang'ana pa foni yanga ndinapeza kuti chithunzi choyamba chija, chopanda ndemanga, chinali chitatuluka kale m'gulu la alangizi. Msuweni wanga wa kashopu uja ananditumizira, akufunsa ngati ndi ntchito yanga imeneyo.

A Mbewe sanadikire kuti msonkhano uthe. Anati akufuna apeze minibasi ya ku Chipata kusanade. A Sakala anali otanganidwa ndi zisankho, ndiye ndinawanyamulira chikwama kuwaperekeza kumsewu waukulu. Ine ndinkasaka mawu oti ndinene, koma onse amene ndinkapeza anali ofotokoza za indekisi. Titafika pa siteji anandilanda chikwama, n'kundifunsa kuti ndine mwana wa ndani. Ndinawauza.

"Ntchito mwagwira bwino, Naphiri," anatero. "Makina anuwo sananame. Kungoti pa mbuzi paja panalibe."

Kondakitala anawakhazika kutsogolo poona suti. Setifiketi anali ataipinda pakati n'kuiika m'thumba la jekete.

Ndinatsala ndi milungu ingapo pa ntchitoyo, ndipo ndinaigwiritsa pa kachigawo kaja ka wolemba. A Sakala ankabwera tsiku ndi tsiku tsopano, osati Lolemba lokha. Ankakhala pambali panga, ine ndikutsegula nkhani, iwo akutchula mwini wake. Za kudziombera m'manja sanazitchulenso. Titamaliza, dzina la a Mbewe linkatulutsa nkhani zambirimbiri za nkhupakupa, madibi ndi makola, ndipo tsamba lija linali limodzi pakati pa zonsezo. Komiti inagamulanso kuti masamba a zigamulo azisungidwa m'diski ya ku ofesi, asamalowe mu indekisi yopita m'mafoni pokhapokha mwini dzina kapena ana ake atavomera. Titawerenga masamba amenewo tinapezamo mayina ena a anthu amoyo, ndipo a Sakala pa lililonse ankadziwa mmene nkhani inathera. Mathero akewo sanalembedwe pena paliponse.

Koma ku Vubwi chithunzi chinafika a Mbewe asanatsike minibasi. Mwana wa mmodzi mwa eni ng'ombe aja, amene panthawiyo anali wakhanda, anachiona pa foni. Za dokotala ndi za mbuzi sankazidziwa, chifukwa bambo ake nawonso anasunga pangano mpaka kumanda. Anakaima pa msonkhano wa mpingo n'kunena kuti mlandu suola, ndipo sangalandire mgonero m'manja mwa munthu amene anapha ng'ombe za kwawo. A Sakala anapita okha kukafotokoza, ndipo akulu a mpingo anamva. Komabe a Mbewe anatula ukulu wa mpingo, akuti atopa kufotokoza. Ku msonkhano wa bungwe sanabwerenso. Nditamva zimenezi ndinakhala tsiku lathunthu osafuna kuona laputopu.

Makina aja akugwirabe ntchito. Alangizi amawagwiritsa ali m'munda, ndipo ndamva kuti nkhani za Mlangizi wa ku Vubwi ndi zimene zimatsegulidwa kwambiri mvula ikayamba. Ine ndinapitiriza ntchito yomweyi m'mabungwe ena, a aphunzitsi ndi a anamwino, ndipo sikana yanga ya tsopano imameza masamba yokha. Mapini, burashi ndi madontho 300 sizinasinthe.

Chimene ndinawonjezera ndi chimodzi. Ndinaphunzira kuti anthu a kuno amalemba chiyambi cha mlandu, mathero ake n'kuwasunga pakamwa, ndipo katoni ya mapepala imawathandiza kuiwala. Makina osakira amachotsa thandizo limenelo. Choncho ndisanayendetse indekisi ndimapempha kuti andiitanire membala wamkulu kuposa onse, timakhala pansi, n'kuwerenga limodzi masamba onse okhala ndi mayina a anthu amoyo. Kenako ndimawafunsa ngati mulimo nkhani imene inathera pa mkeka osalembedwa. Kawirikawiri amayamba akana, akuti kwawo kulibe zoterozo. Ine ndimatseka laputopu n'kudikira, mpaka atatchula dzina loyamba.